Valley Forge sayendera pa galimoto, abale

Pali malo ena oti ukawaonera pa windo la galimoto umangotha mafuta pachabe, ndipo Valley Forge ndi amodzi mwa malo amenewo. Paki imeneyi ili ku Pennsylvania m'dziko la America, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Philadelphia, kulowa ndi kwaulere, ndipo anakonza nsewu wa makilomita 16 wokhala ndi malo 9 oimapo woti alendo azizungulira pa galimoto. Ambiri amatero ndithu. Amaima, kutsika, selfie pa mzinga, kukweranso, ola limodzi atha, kenako ulendo ku tauni ya King of Prussia kuja kuli chimolo chachikulu kukagula nsapato. Ine ndikuti ayi. Malowa amafuna miyendo kapena njinga, poti nkhani yake yonse ndi ya mtunda, chitunda, matope ndi mimba yopanda kanthu, ndiye zimenezo suzimva utatsamira mpando uku heater ikukuotcha mapazi.

Kwa amene simukudziwa, apa mpamene asilikali a George Washington anagonera nyengo yozizira pa nkhondo yawo yofuna ufulu kwa Angelezi. Analowa pa 19 December 1777 ndipo anatuluka pa 19 June 1778, miyezi 6 yathunthu. Anali anthu pafupifupi 12,000, kuphatikizapo amayi ndi ana mazana angapo amene ankatsatira gululi kumachapa, kuphika ndi kudwazika matenda. Anali atangogonja kumene ku Brandywine ndi ku Germantown, ndipo Angelezi a General William Howe anali atalanda Philadelphia, likulu la Amereka nthawi imeneyo, akugona m'nyumba zabwinobwino zofunda. Chimene chimadabwitsa alendo ambiri nchoti pa Valley Forge, miyezi yonseyo, sipanamenyedwe nkhondo. Koma anthu pafupifupi 2,000 anafa.

Ngati muli ndi njinga komanso mphamvu m'mawondo, yambirani mu Philadelphia momwemo. Pali njira yotchedwa Schuylkill River Trail yomwe imatsata mtsinje kudutsa Manayunk, Conshohocken ndi Norristown, mbali yaikulu ndi yosalala poti inadutsa momwe munali njanji kale, ndiye mumangopalasa osatopa kwenikweni mpaka mufike pa Betzwood, nkuwoloka pa Sullivan's Bridge, mlatho wa oyenda pansi ndi apanjinga okhaokha umene anatsegula mu 2016. Dzinalo ndi la General John Sullivan amene anayang'anira ntchito yomanga mlatho wa mitengo pa mtsinje womwewu nthawi ya msasa. Chimene ndimakondera njira imeneyi nchoti imakuuza wekha chifukwa chake Washington anasankha pano. Ukapalasa mtunda wonsewo thupi limadziwa kuti gulu la asilikali oyenda pansi, akukoka mizinga, silingakudzidzimutse, lingathere tsiku lonse pa nsewu, komanso nkufupi ndithu moti utha kumawayang'anira adaniwo akatuluka kukasaka chakudya m'midzi. Pa mapu zimenezi zimangokhala manambala basi.

Mukalowa mu paki, njira yaikulu ndi ya tala, imatchedwa Joseph Plumb Martin Trail, ndipo kuzungulira kwake ndi makilomita pafupifupi 8. Pansi mungathe maola awiri kapena atatu ngati mukuima kuwerenga zikwangwani, panjinga nkanthawi kochepa. Joseph Plumb Martin sanali mkulu wa asilikali ayi, anali kamnyamata ka zaka 17 ka m'gulu la ku Connecticut, ndipo atakalamba analemba zonse zimene anaona, buku lake linatuluka mu 1830. Iyeyu ndi amene anafotokoza kuti kutangotsala tsiku limodzi kuti alowe pano, boma litalamula tsiku lothokoza Mulungu, chaphwando chimene aliyense analandira chinali kampunga kosadzaza nkapu komwe ndi supuni imodzi ya viniga. Ndimasangalala kuti njirayi anaipatsa dzina la munthu wamba ngati ameneyu, akuluakuluwo ziboliboli ali nazo kale zokwanira.

Malo oyamba kuimapo ndi timanyumba ta mitengo ta gulu la General Muhlenberg. Si teniteni ta nthawi ija, anachita kumanganso motsatira miyezo imene Washington analamula, mafiti 14 mbali ina 16 mbali inayi, moto kumapeto, ndipo kanyumba kamodzi anthu 12. Lowani ndithu, musangosuzumira pakhomo. Weramani, imani pakati, werengani mabedi a matabwa osanjikizanawo, ndiye muganize anthu 12 osasamba, zovala zonyowa, nsabwe, nkhuni zaziwisi zikufuka utsi maso kumachita kuwawa, wina akutsokomola usiku wonse wina ali ndi kamwazi. Timanyumba totere anamanga toposa 1,000 m'masabata ochepa, nkhwangwa zili zochepa, ndipo Washington analonjeza madola 12 kwa kagulu kamene kadzayambe kumaliza bwino mu regiment, gulu lalikulu la asilikali, iliyonse. Iye mwini anayamba wagona kaye mu tenti, tenti ina imene ankagwiritsa ntchito pa nkhondoyi ilipo mpaka lero ku Museum of the American Revolution mu Philadelphia.

Ndiye apa mpamene pakiyi imanamiza pang'ono, osati mwadala koma chifukwa chokongola. Lero kuli udzu wautali wobiriwira, mitengo ikuluikulu, agwape akudya phee osaopa munthu, anthu akuthamanga ndi agalu awo. Mu 1778 mitengo yonse yapafupi inali itadulidwa, ina ya nyumba ina ya nkhuni, mipanda ya alimi anazula nkusonkhera moto, ndiye kunali chidazi chokhachokha cha matope, utsi ndi fungo la mahatchi akufa amene ankangoola poti okwirira analibe mphamvu. Zithunzi zambiri zimaonetsa sinowo waphiri, msilikali akunjenjemera, koma akatswiri a mbiri amanena kuti nyengo yozizira imeneyo sinali yoopsa kuposa zina, yoopsa zedi inali ya ku msasa wawo wina wa ku Morristown zaka ziwiri pambuyo pake. Vuto la pano linali loti kumazizira, kenako kusungunuka, mvula, kuziziranso, ndiye misewu inasanduka phala moti ngolo za chakudya zimangotitimira. Ndipo ambiri mwa omwalirawo sanafe mu January ayi, anafa kutayamba kufunda, March mpaka May, ndi tayifodi, kamwazi, chibayo, fuluwenza ndi matenda ofalitsidwa ndi nsabwe aja. Ukaponda udzu wa m'mbali mwa njira mvula itangogwa nsapato nkumira, umayamba kumvetsa kuposa chikwangwani chilichonse.

Njala yake nayo inali yochititsa manyazi, chifukwa dera limeneli linali la alimi olemera, chakudya chinalipo. Koma boma lawo linkalipira ndi ndalama za pepala zimene zinkagwa mphamvu tsiku ndi tsiku pomwe Angelezi mu Philadelphia ankalipira ndi ndalama zachitsulo zenizeni, ndiye inu mukanakhala mlimi ng'ombe yanu mukanapita nayo kuti? Ine alimiwo sindiwaweruza kwenikweni. Asilikali ankangokanda ufa ndi madzi nkuotcha pa mwala wamoto, chakudya chake chomwecho. Pa 23 December Washington analembera nyumba ya malamulo kuti anthu ake 2,898 sangagwire ntchito chifukwa alibe nsapato ndi zovala, ndipo kuti zinthu zikapanda kusintha gululi lifa ndi njala kapena libalalika. Zinayamba kusinthadi mu March pamene General Nathanael Greene anavomera, monyinyirika, udindo woyang'anira katundu ndi mayendedwe. Iye ankafuna kumenya nkhondo osati kuwerenga ngolo, koma kunena zoona ntchito ya ngoloyo ndi imene inapulumutsa anthu.

Mukapitirira m'mphepete mwa chitunda mudzaona kuti njirayo ikutsata mzere wa kunja wa chitetezo, ndipo kuyang'ana kumunsi mumaona patali zedi. Panjinga mudzazimva m'ntchafu kuti malowa ndi okwera, si zangozi, ankafuna mdani azibwera akukwera. Kenako pali National Memorial Arch, chichipata chachikulu cha miyala chimene anatsegulira mu 1917 motengera chipata cha Titus cha ku Rome. Nchokongola, jambulani, koma ine sindichedwapo. Chiboliboli cha General Anthony Wayne ali pa hatchi chimodzimodzi, moni nkudutsa. Pa Artillery Park pali mizinga yondandalika, apa Henry Knox, mkulu woyang'anira mizinga, anaisonkhanitsa pakatikati kuti kulikonse kumene mdani angatulukire athe kuithamangitsira msanga.

Pamene ndimakhalitsa ine ndi pa Grand Parade, chibwalo chachikulu chapakati, ngakhale palibe chooneka kupatula udzu ndi chiboliboli cha Baron von Steuben chili chapamwamba kuyang'ana bwalolo. Bamboyu anali msilikali wa ku Prussia, anafika pa 23 February 1778, Chingelezi osachidziwa, ndipo udindo umene anamulembera m'makalata omuyamikira unali wokokomeza kuposa umene anali nawo kwawo. Koma ntchito ankaidziwa. Anapeza gulu lililonse likuguba mwa njira yakeyake, ena mpeni wa kumfuti uja akuotchera nyama mmalo mobayira adani. Anasankha anthu okwana ngati 100, nkumawaphunzitsa yekha m'matope momwemo, zimene akuluakulu a nthawi imeneyo ankaziona ngati ntchito ya masajeni, ndiye 100 aja amakaphunzitsa anzawo, anzawonso anzawo. Usiku amalemba phunziro la mawa mu French, anyamata nkumasulira nkukopera pamanja. Akakwiya amatukwana mu German ndi French, zikamuthera amaitana womasulira wake Benjamin Walker kuti adzamutukwanire mu Chingelezi, asilikali kumangofa ndi phwete, kkkk, ndipo anamukonda nazo zimenezo. Chinanso chimene anthu sachitchula kawirikawiri poti sichimveka chaulemu, analimbikira nkhani ya zimbudzi, kuti zizikumbidwa kumunsi, mbali ina kutali ndi kophikira. Pa msasa woti anthu akutha ndi kamwazi, ine ndimaona kuti lamulo limeneli linali lolemera mofanana ndi perete yense uja.

Pa bwalo lomweli, pa 6 May 1778, anachita chikondwerero atamva kuti France yasaina pangano lowathandiza. Anthu masauzande anaima m'mizere nkuwombera mfuti mmodzi pambuyo pa mnzake, phokoso likuyenda kuchokera kumapeto kwa mzere mpaka kumapeto ena nkubwereranso. Yendani bwalolo kuchoka mbali ina kufika ina, mudzaona kutalika kwake, ndiye mudzamvetsa kuti gulu limene mu December linkalephera kuyenda mofanana silikanatha kuchita zimenezi. Mwezi womwewo kunafikanso ankhondo a mtundu wa Oneida, eni nthaka amene anasankha mbali ya Washington. Munalinso asilikali akuda mazana angapo, ena mfulu ena akapolo, ndipo chipilala chawo, Patriots of African Descent, chinangoimikidwa mu 1993, patatha zaka zoposa 200. Chili m'mbali mwa nsewu wa 23 ndipo apagalimoto ambiri amangochidutsa osachiona nkomwe.

Nyumba imene Washington ankakhala ili pambali pang'ono, muyenera kupatuka nkutsetsereka kumene kamtsinje ka Valley Creek kamathira mu Schuylkill, ndipo kumbukirani kuti chitsetserekocho pobwerera chidzakhala chikwezeka. Ndi nyumba yamiyala ya Isaac Potts, imeneyi ndiye yeniyeni osati yomanganso. Ndi yaing'ono modabwitsa mukaganiza kuti munkakhala iyeyo, mkazi wake Martha amene anabwera mu February, alembi ake monga Alexander Hamilton, antchito ndi akapolo omwe, onse kupanikizana mommo. Chapafupi pomwepo panali malo osulira zitsulo amene Angelezi anaotcha mu September 1777, msasa usanayambe. Amene mukufuna thukuta lenileni, mapiri awiri otchedwa Mount Joy ndi Mount Misery ali pompo, tinjira take nta miyala ndi mizu, kumeneko njinga ikhomeni pansi mukwere wapansi. Pa Mount Joy mipanda ya dothi imene asilikali anakumba ikuonekabe, ndipo chonde musakwerepo, ikutha nkukokoloka kale.

Pobwerera mumadutsa pa Washington Memorial Chapel, tchalitchi chimene anayamba kumanga mu 1903 ndipo anthu amapempheramo mpaka pano, chili ndi nsanja ya mabelu 58. Mukapeza akuimba khalani pansi mupumuleko, miyendo ikhala ikufuna kale.

Zoti mudziwe musananyamuke nzochepa. Tengani madzi okwanira chifukwa mbali yaikulu ya njira ilibe mthunzi, ndipo July ndi August kumatentha mwachinyontho moti malaya amamatirira. Mukalowa mu udzu wautali dzifufuzeni nkhupakupa mukatuluka, za kumeneko zimapatsa matenda a Lyme, si zocheza. Loweruka ndi Lamlungu njira imadzadza ndi ana, agalu ndi othamanga, ndiye apanjinga chepetsani liwiro, belu lizilira. Malowa anakhala paki ya boma la Pennsylvania mu 1893, kenako pa 4 July 1976 President Gerald Ford anasaina kuti ikhale ya dziko lonse, ndiye zikwangwani ndi zimbudzi zili bwino, simusochera.

Nyengo yabwino kwa ine ndi kumapeto kwa February kapena March, masamba atayoyoka, mipanda ya dothi ija ikuoneka bwino, anthu ali ochepa, mphepo ikuomba pa chitunda popanda chotchinga. Valani jekete lamphamvu ndi magolovesi, ndipo nsapato zikhale zoti simudandaula nazo zikalowa matope.