Mizati yopindika ya ku Northridge ndi mng'alu wa kuhostelo kwathu

Sabata yathayi aphunzitsi athu a zomangamanga anationetsa chithunzi chomwe mpaka pano sichikundichoka m'mutu. Ndi nyumba yoimikamo magalimoto pa yunivesite ya California State ku Northridge, m'dziko la America, itagwa ndi chivomezi cha pa 17 Januwale 1994. Mphamvu yake inali 6.7, ndipo chinagwedeza cha m'ma 4:30 mbandakucha, tsiku la holide. Chikadabwera masana ophunzira ali piringupiringu, bwenzi tikukamba zina.

Maso anga anathamangira pa mizati ya kunja. Ya konkire, koma inapindikira mkati ngati nsungwi yaiwisi, osathyoka. Ndinakweza mkono n'kunena kuti imeneyo ndiyo inalephera. Aphunzitsi anangoseka. Akuti imeneyo ndiyo inagwira ntchito yake, popeza anaimanga kuti izitha kuweyeseka. Yomwe inagonja ndi ya mkati, yomwe anangoiwerengera kusenza kulemera kochokera pamwamba basi. Nthaka itayamba kukankhira nyumbayo uku ndi uku, ya mkatiyo inaphwanyika, masilabu n'kugwa akukokera ya kunja ija mkati.

Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake amatiumiriza kuika mphete za zitsulo mothithikana kumapeto kwa mzati. Kale ndinkangoloweza kuti ndikhoze mayeso. Mphetezo zimagwira konkire ngati luzi pa mtolo wa nkhuni. Mukaziika patalipatali pofuna kupulumutsa zitsulo, konkire amamwazika ndipo zitsulo zoimirira zija zimafutukukira kunja.

Yunivesite ya ku Northridge ija inatsegulidwanso patangopita milungu 4, makalasi ambiri akuchitikira m'tinyumba tongoyembekezera.

Mnzanga wina ananong'ona kuti izi ndi za azungu. Iyayi. Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley. Ku Salima kunagwedezeka mu 1989, ndipo ku Karonga zivomezi zinatsatizana mu Disembala 2009, chachikulu chikufika 6.0, anthu 4 n'kumwalira. Nyumba zambiri zomwe zinagwa zinali za njerwa zomangira dothi, zopanda lamba wa konkire wogwirizanitsa makoma pamwamba.

Pobwerera ndinaima pakhoma la hostelo yathu. Pali mng'alu woyambira pakona ya zenera, wokwera chopingasa kulowera kudenga. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyanika masokosi pomwepo osauona n'komwe. Mnzanga wa m'chipinda atandipeza ndi rula anati, "Aise, ukufuna tisamagone?"

Aphunzitsi anandichenjeza kuti ndisatengeke: mng'alu wotere ukhoza kubweranso chifukwa cha maziko otitimira, makamaka pa dothi lamakande lomwe limafufuma ndi mvula n'kufota m'chilimwe. Ndiye ndalemba ndi pensulo pomwe wathera, ndayeza kukula kwake, ndalembanso deti pambali. Ndidzayezanso mvula ikadzasiya.