Ndinabwerera ku ofesi mwana ali ndi masabata 8, bala lisanapole

Mwana wanga wachiwiri ndinachira pa opaleshoni. Tsiku lomwe ndinayambiranso ntchito anali atangokwanitsa masabata 8, ine bala lisanapole bwinobwino, ndiye tangoganizani kukwera minibasi m'mawa ku Area 25 kupita ku City Centre, kondakitala akuti sunthani mayi tikhale anayi anayi, iwe dzanja lili pamimba bampu iliyonse ukuimva mpaka m'mutu, mawere athina, bulauzi yayamba kale kunyowa usanafike n'komwe. Ndinalira mu minibasi muja mwakachetechete ndikuyang'ana pawindo.

Lamulo lathu la ntchito, Employment Act ya 2000, limati mayi apatsidwe liivu ya masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, koma kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Mabwana ambiri mawu akuti "osachepera" aja sawaona, 8 ndi 8 basi. Pomwe ku sikelo anamwino amatiuza daily kuti mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6, osampatsa phala, osampatsa ngakhale madzi. Ndiye miyezi inayi yotsalayo ayamwa bwanji mayi ake ali pa desiki? Mu 2021 lamulo lija analikonza, abambo anapatsidwa masabata awiri, ife anatipatsa mphindi 30 kawiri pa tsiku zoyamwitsira. Ndi chiyambi chabwino ndithu sindikukana, koma mphindi 30 sizingandifikitse ku 25 ndi kubwerako, olo nditakwera kabaza wa njinga yamoto.

Ndiye ndinkafinya mkaka. Poyamba ku toileti, kenako mayi wina wokonza mu ofesi anandimvera chisoni nkumanditsegulira ka stoo kosungira mapepala ndi ma mopu, ndinkakhala pa katoni nditatsamira chitseko poti chinalibe loko. Botolo ndinkaliika mu filiji ya tonse nditalikulunga mu jumbo yakuda, tsiku lina mnzathu wina wamwamuna atalipeza anakuwa pa gulu kuti zonyansa izi waika ndani pafupi ndi lanchi yathu. Anthu anaseka. Chakudya cha mwana wanga chimenecho, chomwe ndinachivutikira nditakhala pa katoni.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ndi momwe amayambira kukuonera. Ndisanakhale ndi pakati ma workshop a ku Mangochi ndi ku Salima ndinkapita ndine, nditabwerako dzina langa linangosowa pa ndandanda, kufunsa akuti "tinaganiza kuti muli ndi kakhanda mayi, tisakuvutitseni." Osandifunsa mwini wakene. Ndipo tonse tikudziwa kuti kumeneko nkomwe kuli ma alawansi, nkomwenso akuluakulu amakuonera nthawi yokweza anthu ikafika. Mwana akatentha thupi ukapempha kupita naye ku chipatala nkhope zimasintha, abwana anga anandiuzapo maso ndi maso kuti "azimayi inu ndinu odula."

Ine bola ndinali pa ntchito yokhazikika. Mnzanga wina anali pa kontilakiti ya chaka chimodzi chimodzi, anaikonzanso katatu popanda vuto, mimba itangoyamba kuoneka anamuuza kuti ndalama za pulojekiti zatha, patangopita mwezi pampando pake panakhala mnyamata. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba, ndipo munthu ukhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court, koma iwo amati sitinamuchotse, kontilakiti yangotha yokha. Komanso ndani ali ndi mphamvu zoyenda m'makhoti ali ndi mwana wa masabata awiri kumsana, lendi ikudikira? Anangozisiya. Pano akugulitsa kaunjika, munthu wa digiri yake.

Nchifukwa chake atsikana ambiri amavula mphete popita ku intaviyu, ena amamanga mimba mpaka miyezi 6 kuopa kuti zidziwika asanasaine.

Chaka chatha anti omwe amandilelera ana anandiitanira kukhitchini madzulo, akunjenjemera, maso pansi. Anati "Amayi, ndili ndi pakati, chonde musandichotse." Sindinama, choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti nanga ana anga atsala ndi ndani, ndalama yolipira anthu awiri ndiitenga kuti. Maganizo omwe aja a abwana anga. Usiku umenewo sindinagone. M'mawa ndinawauza kuti apuma miyezi itatu ndipo malipiro azilandira onse, ndinaimbira mng'ono wanga ku Dowa kuti abwere adzandithandize, ndalama ya chipeleganyu ya mwezi wanga ndinaiika pambali kuti ikhale ya iwowo. Anachira mwana wamwamuna mu Ogasiti, pano amabwera naye ku ntchito, amayamwitsa pa mpando wa pa balaza nthawi iliyonse yomwe walira.