Kuchoka ku Dedza kukafika pa Lizulu, malamulo a mahatchi ali m'chikwama

Tinanyamuka pa boma la Dedza m'mamawa wa mu Julaye, chifunga chitakuta phiri lonse, kuzizira kolowa m'mafupa kuja. M'galimoto tinalimo atatu: adokotala a ziweto, mayi amene amalemba zokambirana za kakomiti kathu, ndi ine. Tinkakayendera misewu yafumbi ya pakati pa Bembeke ndi Lizulu kuti tione ngati ingakwanire mpikisano wa mahatchi wa mtunda wautali wotsata malamulo a FEI. M'chikwama munali mapu, choyezera kutentha kwa thupi, chomvera mtima, ndi mtolo wa mapepala a malamulo amene anali asanavoteredwe.

FEI ndi bungwe loyendetsa masewera a mahatchi padziko lonse. Linakhazikitsidwa mu 1921 ndi mayiko 8, ndipo lero lili ndi mabungwe a m'mayiko opitirira 130. Likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland. Prince Philip wa ku Britain analitsogolera kuyambira 1964 mpaka 1986, kenaka mwana wake Princess Anne mpaka 1994. Mu 2014 anasankha Ingmar De Vos wa ku Belgium, m'malo mwa Princess Haya wa ku Jordan. Koma amene akufuna kulimvetsa bungweli asataye nthawi ndi mayina a mapulezidenti. Lamulo lililonse limene limakhudza hatchi pabwalo limaphikidwa m'makomiti, ndipo limayenda ndi kalendala yosadikira munthu.

Titangokhota kulowera ku Bembeke tinakumana ndi ngolo ya abulu awiri itasenza matumba a kachewere. Adokotala anaimitsa galimoto.

"Zikomo achimwene, tingawaoneko abuluwa?"

"Aoneni bambo, palibe chovuta."

Bulu wakumanzere anali ndi chilonda pamwamba pa khosi, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo, m'mbali mwake mutauma, pakati pakadali pofiira. Chochititsa chinali goli la ng'ombe. Ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lolimba loti goli n'kukhalapo, pomwe bulu ndi hatchi mphamvu zawo zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa, choncho amafunika lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, wokutidwa ndi chinthu chofewa. Adokotala anatsuka chilondacho ndi madzi amchere, n'kumuonetsa mnyamatayo pamene lamba amayenera kudutsa. Abulu sali m'manja mwa FEI, koma kukoka ngolo ndi amodzi mwa masewera ake, ndipo kumeneko hatchi ya chilonda chotere siingaloledwe ngakhale kuyamba mpikisano. Chimene chimagwira ntchito si mtima wabwino wa woyang'anira, koma lamulo lolembedwa, lomupatsa mphamvu yobweza munthu ngakhale atachokera kutali chotani.

Makomiti a FEI ali motere. Masewera alionse ali ndi komiti yawoyawo ya akatswiri: kudumpha mipanda, dressage kumene hatchi imayenda mwaluso ngati ikuvina, eventing yophatikiza mayeso atatu, kukoka ngolo, mtunda wautali, masewera olimbitsa thupi pamsana pa hatchi, ndiponso masewera a anthu olumala. Pambali pake pali komiti ya madokotala a ziweto, ya madokotala a anthu, ya okwera mahatchi eni ake, ndi yofufuza mabuku a ndalama. Palinso komiti yosefa mayina a ofuna maudindo, kuti ione ngati akukwaniritsa zofunika asanafike pa chisankho. Makomiti a akatswiriwa sapanga lamulo paokha. Amalemba maganizo awo, bodi yoyendetsa bungweli imawaona, kenaka msonkhano waukulu wa pachaka, umene kawirikawiri umachitika mu Novembala, ndiwo umavota. Pamsonkhanowo dziko lililonse lili ndi voti imodzi. Germany ya mahatchi ambirimbiri ndi dziko la makola awiri atatu, povota n'chimodzimodzi.

Apa ndi pamene mayiko aang'ono amagona. Voti ya mu Novembala imabwera zinthu zitapsa kale. Wofuna kusintha lamulo amatumiza maganizo ake kumayambiriro kwa Malichi, olembedwa bwino: nambala ya ndime, mawu amene alipo, mawu amene akufuna, ndi chifukwa chake. Cha mu Epulo kumakhala zokambirana za Sports Forum ku Lausanne, kumene nkhani zovuta zimatafunidwa popanda kuvota. Mu Julaye malamulo ongoyerekeza amatuluka koyamba, ndipo mayiko amapatsidwa milungu ingapo, mpaka chakumapeto kwa Ogasiti, kuti ayankhe. Mu Okutobala amatuluka omaliza, mu Novembala voti, pa 1 Januwale ayamba kugwira ntchito. Mapepala amene anali m'chikwama mwathu anali a mu Julayewo. Amabwera m'Chingerezi, ndi ambiri, ndipo komiti ikapanda kugawana masamba sabata yoyamba yomweyo, Ogasiti amatha wina aliyense akuganiza kuti mnzake wawerenga. Nthumwi yokaimirira mu Novembala n'kuyamba kudandaula za ndime imene sinayankhepo mu Ogasiti imangomveredwa mwaulemu, basi. Madzi akatayika saoleka.

Msewu wa ku Bembeke tinauyenda pang'onopang'ono, mayi aja akulemba makilomita. Mpikisano wa mtunda wautali wa FEI umayambira makilomita 100 kufika 160 tsiku limodzi, ndipo mtundawo umadulidwa m'zigawo zozungulira, chilichonse chosapitirira makilomita 40, zonse zikubwerera pamalo amodzi oyezera mahatchi. Madzi ayenera kupezeka pa makilomita 10 alionse. Apa panali vuto loyamba: mu Julaye timitsinje tambiri taphwa, ndipo madzi otsala ali m'madimba a eni ake. Pangafunike migolo yodula pakati, ngolo yotungira madzi dzulo lake, ndi kukagwada kwa mafumu a midzi yonse imene njira ikudutsa. Komiti yokonza mpikisano ikalumpha amfumu amodzi okha, tsikulo mudzapeza ng'ombe zili m'njira ndi zizindikiro zitazulidwa.

Pafupi ndi sukulu ina tinapeza bwalo lathyathyathya, ndipo adokotala analiyesa ndi mapazi. Malo oyezera amafuna kanjira ka mamita 40 kolimba ndi kosalala, koti hatchi ithamange pang'ono kupita ndi kubwerera madokotala akuiona miyendo. Hatchi ikafika kuchokera m'chigawo, wokwera amakhala ndi mphindi 15 zoti kugunda kwa mtima wa hatchiyo kutsike kufika pa 64 pa mphindi kapena kucheperapo. Pamapeto penipeni amapatsidwa mphindi 20. N'chifukwa chake pamalo amenewa pamakhala piringupiringu wa ndowa, anthu akuthira madzi pakhosi ndi m'miyendo. Dokotala amamvera mtima ndi m'mimba, amatsina khungu kuti aone ngati thupi lauma, amayang'ana nkhama, msana ndi pamene pamadutsa lamba wa chishalo. Akakayikira kuti ikutsimphina, madokotala atatu amaionera pamodzi n'kuvota aliyense payekha osafunsana. Kuvota mosafunsanaku ndi nzeru ya m'komiti, ndipo ine ndimaiyamikira kwambiri, chifukwa dokotala mmodzi yekha akhoza kuchita mantha ndi mwini hatchi wandalama, koma atatu n'kovuta kuwapinda.

Ena mwa malamulo olimbawa anadza chifukwa cha zoipa zimene zinachitika. Mu Malichi 2015 FEI inaimitsa kwa kanthawi bungwe la dziko la United Arab Emirates chifukwa cha kuvulala kwa mahatchi ndi kuphwanya malamulo m'mipikisano ya mtunda wautali. Mu 2018, pa masewera a mahatchi a padziko lonse ku Tryon m'dziko la America, mpikisano wa mtunduwu unasokonekera kuyambira poyambira, okwera ena atalozeredwa njira yolakwika, ndipo unathetsedwa usanathe chifukwa cha kutentha ndi chinyezi. Chaka chomwecho bodi inaika komiti yapadera yongogwirizira, ndipo malamulo amene inalemba anayamba kugwira ntchito mu 2020.

Koma komiti nayo imalakwitsa, makamaka ikachita phuma. Mu Novembala 2009 ku Copenhagen, msonkhano waukulu unavomereza mndandanda wolola mankhwala ena opha ululu, monga phenylbutazone, pamlingo wochepa m'thupi la hatchi yopikisana. Mndandandawo unafika kwa nthumwi kutangotsala masiku ochepa, ambiri asanafunse madokotala a kwawo. Atabwerera kumudzi panabuka mkangano waukulu, chifukwa mankhwala otere amabisa kutsimphina, hatchi n'kumathamanga ndi mwendo wovulala. Chigamulocho chinaimitsidwa chisanayambe kugwira ntchito, ndipo chaka chotsatira chinatayidwa. Mayi olemba aja atamva izi anati nawonso sadzalolanso nkhani yobwera pakamwa tsiku la msonkhano, ikhale papepala milungu iwiri isanakwane. Anena zoona.

Tinabwerera mumsewu wa M1 dzuwa litakwera, tikulowera kumwera. Chigawo chimenechi msewu umayenda m'malire enieni: mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique. Kwa ogula kabichi palibe kanthu, amangodumpha. Kwa hatchi ya mpikisano ndi nkhani ina, chifukwa njira ikangodutsa tsidya linalo, chiweto chatuluka m'dziko, ndipo pafunika zilolezo za madokotala a boma a mbali zonse ziwiri. Pamapu tinakhwatcha tinjira tonse takumadzulo kwa msewu.

Za mapepala a hatchi ndiye zambiri. Iliyonse imakhala ndi pasipoti yojambulidwa mawanga ake ndi mizungulire ya ubweya, komanso kachipangizo kakang'ono kobayidwa m'khosi kokhala ndi nambala yake. Katemera wa chimfine cha mahatchi ayenera kukhala wobayidwa m'kati mwa miyezi 6 ndi masiku 21 hatchi isanafike pampikisano, koma osati m'masiku 7 omaliza. Ambiri amagwa pa masiku 7 amenewa, pothamangira kubaya dzulo lake la ulendo. Kuyeza kutentha kwa thupi kawiri patsiku n'kulemba pa foni kunakhwimitsidwa matenda opatsirana a mahatchi a EHV-1 atabuka ku Valencia m'dziko la Spain mu Febuluwale 2021, FEI n'kuimitsa mipikisano m'mayiko angapo a ku Europe kwa milungu pafupifupi 6. Hatchi ikapitirira madigiri 38.5 imapatulidwa.

Ife kuno mdani wathu wamkulu ndi nthenda ya mahatchi ya African horse sickness. Imafala ndi tintchentche ting'onoting'ono ta mtundu wa Culicoides, toluma madzulo ndi mbandakucha, tochuluka nyengo ya dzinja m'malo achinyezi. Abulu ndi mbidzi kawirikawiri amapirira, koma hatchi yosalandira katemera imatupa pamwamba pa maso, mapapo amadzaza madzi, thovu m'mphuno, ndipo zambiri zimafa. N'chifukwa chake mpikisano kuno ungayenere Juni kapena Julaye, kumtunda kozizira kuno, osati kutsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Matenda omwewa ndi amene amatsekera mahatchi a kum'mwera kwa Africa njira yopita kunja: kwa zaka zambiri a ku South Africa ankayamba akhala miyezi ku Mauritius asanaloledwe kulowa ku Europe. Komiti ya madokotala ikamalemba malamulo a katemera ndi a makola, wochokera kumene kulibe tintchentcheti sangaganize za maukonde a m'mawindo kapena nthawi yotsekera mahatchi m'khola. Woti akumbutse ndi ife, kudzera m'gulu la mayiko a mu Africa lotchedwa Group IX, limene wapampando wake amakhala mu bodi, ndiponso potumiza mayina a madokotala athu mipando ya m'makomiti ikalengezedwa. Mipandoyo ndi ya zaka 4, ndipo dzina limadutsa ku bungwe la dziko, munthu sadzitumiza yekha.

Pa Lizulu tinafika masana, msika uli m'chimake, milu ya tomato, anyezi ndi kachewere mbali zonse za msewu. Tikudya chipisi cha pachiwaya, adokotala anafotokozera mayi aja za milandu ya mankhwala. Mndandanda wa FEI uli pawiri: mankhwala oletsedweratu, amene chilango chake chimayambira zaka 2, ndi mankhwala ochizira ololedwa kunyumba koma osayenera kupezeka m'thupi tsiku la mpikisano, amene chilango chake chimafika miyezi 6. Woyankha mlandu ndi wokwera hatchiyo, ngakhale wapereka mankhwala ndi wina. Wosamalira khola amene wamwa mankhwala a mutu n'kukodza pa udzu wa m'khola akhoza kumugwetsa wokwera m'mavuto, ndipo ndowa imodzi yodyetsera hatchi yodwala ndi yabwino imachita chimodzimodzi. Mlandu umaweruzidwa ndi FEI Tribunal, bwalo loima palokha limene bodi siililamula, ndipo wosakhutira amakadandaula ku khoti la zamasewera la CAS, ku Lausanne komweko.

"Ndiye kwathu kuno wolemba lamulo asakhalenso woweruza, eti adokotala?"

"Eya mayi, ngakhale komiti ya anthu asanu, oweruza akhale ena. Ndipo amene ali ndi hatchi pamlanduwo azituluka panja."

Tisananyamuke tinagawana ntchito pa boneti ya galimoto. Adokotala anatenga masamba a katemera ndi makola, ine a mtunda wautali, mayi aja mayina a midzi 7 yofunika kukaonana ndi mafumu ake ndiponso tsamba la FEI Solidarity, thumba lothandiza mayiko ongoyamba kumene pa maphunziro a oweruza ndi osamalira mahatchi. Tinagwirizana kuti mayankho onse akhale atafika kwa mayiwo pofika pa 10 Ogasiti, kuti apeze nthawi yowalemba pamodzi. Kenaka tinakweza thumba la kachewere kumbuyo n'kutembenukira ku Dedza, chifunga chikuyambanso kutsika m'mapiri a Bembeke.