Ndagula lenzi, kamera ikhala yomweyi

Abale anga, ndasankha tsopano. Ndalama zomwe ndakhala ndikusunga miyezi yonseyi ndagulira lenzi ya 50mm f/1.8 (nambala ya f ikachepa, lenzi imatseguka kwambiri n'kulowetsa kuwala kochuluka), osati kamera yatsopano. Canon yanga yakale ija ndikhala nayobe.

Chandikakamiza ndi nyengo ya kuno ku Mzuzu. M'mawa nkhungu ikakuta tauni kuwala kumachepa, ndipo lenzi ya 18-55mm yomwe inabwera ndi kamera, ukaikokera pa 55mm, imangotseguka kufika f/5.6 basi. Zithunzi za amayi akuthyola ndiwo kudimba zinkatuluka zakuda kapena zogwedera, mtima unkandiwawa kwambiri. Iyi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi, ndipo zakumbuyo kwa munthu zimazilala bwinobwino, nkhope yokha n'kuwala. Dzulo ndinajambula mwana wa achemwali ku Katoto, mpaka achemwaliwo anagwira pakamwa ataona maso a mwana wawo.

Amene mukufuna lenzi yogwiritsidwa kale ntchito, muunike mkati mwa galasi ndi tochi musanalipire, chinyezi cha kuno chimachititsa chuku. Muonenso kuti ikulowa pa kamera yanu, ya Nikon silowa pa Canon popanda adaputa.

Loweruka ndipita nayo ku Chikangawa kukajambula mitengo ya paini dzuwa likutuluka.