Za thumba la reserve pa complex yathu, zatheka koma ndaona mbonaona

Dzulo ndi pomwe tamaliza nkhani ya reserve pa complex yathu kuno ku Johannesburg, mtima wakhalako m'malo tsopano. Ndinagula kafulati ka sectional title, komwe fulati ndi yako koma denga ndi bwalo ndi za tonse, ndiye chaka chatha anthu anangoti a Malawi aja ndi ofatsa, akhale trustee, mmodzi wa osankhidwa kuyendetsa za complex m'malo mwa eni mafulati, ine n'kuvomera osadziwa kuti ndasenza chimtolo chanji.

Levy, ndalama yomwe eni mafulati timalipira mwezi ndi mwezi, imayenera kulowa m'matumba awiri, lina la zatsiku ndi tsiku monga alonda, osesa ndi inshuwalansi, linalo, lomwe ndi reserve, losungira ndalama zokonzetsera zikuluzikulu za tonse, denga, penti, mapaipi, geti. Si zoti mwafuna kapena ayi, ndi lamulo, Sectional Titles Schemes Management Act ya 2011 yomwe inayamba kugwira ntchito mu October 2016.

Koma abale, agent wathu, yemwe tinamulemba ntchito yoyendetsa ndalama za complex. Chaka chilichonse amatipatsa pepala looneka bwino lolembedwa kuti reserve ilipo, ife n'kumaomba m'manja. Denga litayamba kudontha ndinati tiwone sitetimenti ya ku banki. Maimelo osayankhidwa. Ndinapempha tchuthi kuntchito, tsiku losalipidwa limenelo, mataxi awiri, kufika 9 koloko, akuti wa maakaunti ali mu miting'i. Ndinakhala pampando paja mpaka 2 koloko ndi njala, munthu n'kutuluka akutafuna chingamu ati bwanji simunapange appointment. Appointment yake iti poti maimelo simuyankha? Kenako eti ndilipire fotokope, mapepala a ndalama zathu zomwe, ine trustee! Ndinalipira basi, ndikanatani. Kungoyang'ana, ndalama zonse zili mu akaunti imodzi ndipo ya reserve ija inapita kalekale polipira ngongole ya madzi kukhonsolo chifukwa eni ena sankalipira levy. Chonsecho malamulo amati maakaunti akhale awiri osiyana. Funsani sitetimenti ya ku banki, osati pepala la agent.

Masamu ake ndinachita kukhala nawo usiku. Ngati chaka chikutha reserve ili pansi pa 25% ya ndalama zomwe munasonkha m'thumba la tsiku ndi tsiku, chaka chotsatira muikemo zosachepera 15% ya bajeti ya thumba limenelo. Ikakhala pakati pa 25% ndi 100% mumaika zosachepera zomwe mwakonza kuwononga pokonzetsa malo a tonse. Ikafika 100% palibe chokukakamizani. Ife tinali pa ziro ndiye panalibe zokambirana.

Aaa ndayiwala, musanafike pamasamu pamafunika pulani ya zaka 10, yolemba chinthu chachikulu chilichonse, mmene chilili pano, chaka chomwe chidzafune kukonza ndi mtengo wake. Tinalemba ntchito munthu wodziwa zomanga, anakwera padenga, ndalama yake inatiwawa koma iyeyo bola ntchito yake inaoneka. Musakopere pulani ya complex ina, mapaipi anu ndi anu.

Miting'i yapachaka nayo inali ina. Notisi timatumiza kutatsala masiku 14, tinatero, tsikulo n'kubwera anthu owerengeka, quorum, chiwerengero chofunika kuti miting'i ichitike, osakwana. Mukadikira mphindi 30 miting'i imasunthira sabata yotsatira tsiku lomwelo, ndiye Loweruka lina linapita choncho. Tolerani msanga ma proxy, makalata opatsa wina mphamvu yovotera amene sabwera, koma dziwani munthu mmodzi sanyamula oposa awiri. Omwe sanabwere aja ndi omwenso anakuwa kwambiri pa WhatsApp atamva za special levy, ndalama yapadera yosonkhera denga, wina mpaka kuti ndikufuna kumangira nyumba kumudzi. Ndinangomuuza kuti aliyense amalipira molingana ndi kukula kwa fulati yake, zomwe amati PQ (participation quota), ndipo ngati sakukhutira apite ku CSOS (Community Schemes Ombud Service), ndi ntchito yawo kuweruza zoterezi, timawalipiranso pa levy pomwepo.

Inu amene mukufuna kugula fulati kuno, musanasaine funsani pulani ya zaka 10 ndi sitetimenti ya akaunti ya reserve, ya ku banki ndikunena, osati pepala la agent. Ife akaunti yachiwiri tatsegula, ine ndi trustee mnzanga tikumaiona pafoni, okonza denga abwera Lolemba mvula isanayambe. Agent uja tamupatsa notisi, risiti ya fotokope ija ndikadali nayo m'chikwama.