Mlenje wa ku Ntcheu m'mapiri a Scotland

Pakamwa panga ndi pamene panandigwetsera m'matope. Tsiku loyamba kudya ndi apongozi anga, kumtunda kwa tauni ya Pitlochry ku Scotland, anandifunsa ngati ndinasakako nyama kwathu. Ine pofuna kuoneka mwamuna ndinati, "Bambo, ku Ntcheu amandidziwa. Nyama 40 tsiku limodzi sinali nkhani." Mayi akunyumba anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Komatu sindinaname. Ndinangosiya kutchula kuti nyamazo zinali mbewa.

October atangoyamba uthenga unafika: mkamwini abwere, tikasake nswala. Phiri lonselo ndi la banja lawo kuyambira nthawi ya agogo a agogo awo, ndipo nyanga zili ndandanda pakhoma, iliyonse ndi chaka chake. Nswala zake ndi zija amati red deer, zamphongo zili ndi nyanga zanthambinthambi, ndipo ya nsonga 12 amaitcha Royal. Mimbulu inatha kalekale m'dzikomo, ndiye anthu akapanda kuzichepetsa zimabudula kamtengo kalikonse kongophuka.

M'mutu mwanga munali uzimba wa kwathu: agalu, zibonga, mfuu. Ndinapeza anthu awiri okha, apongozi ndi mlenje wa banjalo, mdala wouma pakamwa ngati anamulipiritsa msonkho wa mawu. Anayang'ana jekete langa lofiira, n'kupukusa mutu, n'kundiveka chijasi chakale chonunkha hatchi. Lamulo linali limodzi: mphepo izikuomba kumaso, chifukwa nswala ikangomva fungo la munthu, basi mwagwira ntchito yaulere.

Tinakwera maola atatu mvula yowaza ili waa. Kenako mdala uja anagona chafufumimba, apongozi nawonso, ine n'kutsatira. Kusaka kwa kuno n'kukwawa, abale anga. Bambo wa ana awiri, wa digiri yake, kukwawa ngati buluzi kumbuyo kwa nsapato za apongozi, madzi akulowera m'khosi n'kutulukira m'sokosi.

Palibe anandiuza kuti nyengo imeneyi zamphongo zimalimbirana zazikazi, ndipo zimabangula. Chinthu chinalira kuseri kwa mwala, mawu ochokera pansi pa mimba. Mutu unkadziwa bwinobwino kuti ku Scotland kulibe mikango, koma miyendo ndi ya ku Ntcheu. Ndinadzambatuka, phazi n'kuponda pobiriwira pooneka ngati kapinga wa pabwalo la mpira. Linali dambo. Ndinamira mpaka m'chiuno m'matope akuda bii, nsapato imodzi n'kutsalira komweko. Ikadali komweko mpaka lero, cholowa changa m'phiri la banja.

Anandizula ngati chinangwa, popanda mawu. Mwamwayi nswala sizinathawe. Tinakwawanso mpaka kuiona: nkhalamba yamphongo imene mdala anaisankha, itaima pamtunda wa mamita ngati 120, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Apongozi anagoneka mfuti pachikwama, tsaya pamtengo wa mfutiyo. Dziko lonse linati zii.

Ndiye m'thumba mwanga kwaya ya amayi a kumpingo inayamba nyimbo.

Foni ija, imene m'nyumba ya apongozi imakana netiweki ngakhale mutakwera pampando, inaipeza pamwamba pa phiri. Zala zozizira, zamatope, m'malo mozimitsa ndinayankha, pa sipika penipeni.

"Halo! Iwe, ukundimva? Ndalama ya feteleza ija bwanji? Anzathu agula kale, mvula ili pafupi!"

Nditadzutsa maso ndinangoona matako a nswala 20 akulowa kuseri kwa phiri. Mdala uja analankhula chiganizo chake choyamba tsiku limenelo: "Apatseni moni mayi." Hatchi imene inkadikira kumunsi kuti isenze nyama inasenza ine, wansapato imodzi.

Madzulo, tikudya mbatata ndi supu wopanda nyama, apongozi anafunsa mwaulemu kuti nyama 40 zija zinali zamtundu wanji. Mayi akunyumba sanadikire n'komwe kuti ndimeze. Anafotokoza zonse, mpaka kukumba mauna, kufukiza utsi ndi kuzitunga pakamtengo. Apongozi anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako nkhope inasintha.

"Mkamwini, m'shedi mosungira chakudya cha hatchi zatisowetsa mtendere."

M'mawa mwake ndinagwira 17 kadzutsa asanapse. Ndinafunsa ngati pali wofuna kulawa. Mdala uja anavala chipewa n'kutuluka.