Njovu 150 zapita, zikomo Amayi a ku Chipoka

Zidole za njovu zija, zomwe ndimasoka ndi zitenje, zapita. Zonse 150. Lero 5 koloko m'mawa ndinali pa Kamuzu Road kuno ku Salima ndi matumba asanu, kondakitala akuwakankhira pansi pa mpando wakumbuyo, ine ndikumuchonderera kuti asakhazikepo ndowa ya nsomba. Masana eni shopu a ku Lilongwe amene anandipatsa odayi andiimbira kuti alandira, awerenga, palibe yobweza. Nditadula foni ndinakhala pansi pakhonde n'kulira mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kwagwanji. Maso akulemera, zala zatupa, koma ndati ndilembe lero lomwe mtima udakali wotentha.

Za mwana wanga ambiri mukudziwa, sindibwereza. Malungo aja, masiku anayi m'chipatala chakuno, kenako ambulansi ya ku Lilongwe, milungu itatu ndikugona pansi m'mbali mwa bedi lake. Pano ali bwino. Dzulo wadya nsima ya usipa mpaka kupempha ina, ndipo madzulo ndinamumva akukangana ndi anzake za mpira. Ambuye Yesu, ndinu nokha mukudziwa zomwe ndinakulonjezani usiku uja anakomoka, ndipo sindidzaiwala. Anamwino a ku wodi ya ana, makamaka aja a usiku amene ankandibwereka chaja, Mulungu akusungireni ana anu.

Chimene ambiri simunadziwe n'chakuti tsiku lokwera ambulansi ndinasiya njovu 41 zokha zomalizidwa. Zina zinali zongodula, zili m'beseni, makutu paokha, miyendo payokha. Dipoziti ndinali nditagulira kale zitenje, ulusi ndi faiba ya mkati, ndipo inu nomwe mukudziwa mmene zinthu zakwerera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Kubweza ndalamazo sindikanatha, kumaliza ntchito sindikanathanso. Mumtima ndinati bizinesi ithe, bola mwana akhale moyo.

Amayi a ku Chipoka, ndikudziwa simukonda kutchulidwa, dzina lanu sindilemba, koma mundikhululukire, nkhaniyi ndiinena.

Anthuni, amayi amenewa amasoka zidole ngati ine. Timagulitsa kwa alendo omwewo a ku Senga Bay, makasitomala timalimbirana. Ndinayamba kudziwa mvuu yawo ndisanaone nkhope yawo. Inali pa tebulo la bambo wina wa ziboliboli m'mbali mwa msewu wopita kunyanja, pakati pa zosema zamitengo, ndipo ndinaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Mvuu ya chitenje cha buluu, yonenepa bwinobwino, yoima yokha pa miyendo inayi osagwera kumbali ngati mmene zinkachitira zanga. Ndinaigula. Nditafika kunyumba ndinatenga leza n'kuiphwasula msoko ndi msoko kuti ndione chinsinsi chake.

Pamalo ponse pokhota anali atachekacheka m'mphepete mwa nsalu ndi sizasi, timipata ting'onoting'ono, kuti poitembenuza isachite makwinya. Msoko uliwonse anadutsamo kawiri. Pamimba, pomwe timalowetsera faiba, anatseka ndi singano ya pamanja mwaluso loti ulusi sunkaoneka, ndinachita kufufuza ndi chala. Miyendo anaidzaza molimba kuposa thupi, n'chifukwa chake inkaima. Ndipo maso sanali mabatani, anali opeta ndi ulusi wakuda. Titakumana patapita miyezi ndinawaululira zomwe ndinachita ndi mvuu yawo. Anaseka, akuti ndikanangowafunsa, ndipo pomwepo anandifotokozera za maso aja: batani mwana wamng'ono amalizula ndi mano n'kulimeza, ndiye chidole cha khanda chisakhale ndi chilichonse chothothoka. Kuyambira tsiku limenelo sindinaikenso batani pa chidole. Ndi iwonso anandiletsa kudzaza ndi thonje la kumunda, ngakhale kuno ku Salima thonje silisowa, chifukwa njere zake zimaitana makoswe, ndipo chidole chikachapidwa thonjelo limaundana n'kuchedwa kuuma mpaka kununkha nkhungu. Kuchapa chitenje ndisanadule kuti utoto wosuluka uchokeretu, nakonso ndinaphunzira kwa iwo. Zonsezi anandipatsa ulele, munthu wodziwa bwino kuti mawa ndikaima pafupi ndi tebulo lawo.

Amenewa ndiwo anamva kuti ndili ku Lilongwe ndi mwana. Sanandiimbire kufunsa ngati ndikufuna thandizo. Anangokwera minibasi, kenako kabaza, n'kufika pakhomo, n'kupempha kwa apongozi anga makiyi a kachipinda kosokera. Ine ndinadziwa usiku nditatsegula WhatsApp mu wodi, ndikuona chithunzi cha njovu zisanu ndi imodzi zitandandalikidwa pa mkeka wanga. Pansi pake analemba mawu ochepa chabe, akuti ndisamale mwana. Usiku uliwonse chithunzi china chinkabwera. Mwana wanga atayamba kupeza mphamvu tinkawerengera limodzi njovuzo pa foni, ndipo tsiku lina ndi iye anayamba kundifunsa ngati agogo atumiza.

Masiku 19 akuyenda ulendo umenewo, Chipoka kubwera kuno, madzulo kubwerera, pa ndalama yawo, m'dzuwa la October limene mukulidziwa, malata a kachipinda kaja akutentha ngati chiwaya. Lamba wa makina anga ataduka, anachotsa wa makina awo n'kubwera naye. Apongozi akuti nthawi ya swala ikakwana ankayala kansalu kawo kuseri kwa nyumba, akapemphera n'kubwereranso kukapalasa makina, ndipo mwana wanga ankamutchula m'mapemphero awo. Ine ndine wa Mvano, iwo ndi Msilamu, ndipo ndikukhulupirira kuti mapemphero athu tonse anakwera. Pa 15 October, Tsiku la Anakubala, pamene Senga Bay imadzaza ndi mabasi a anthu odzaona nyanja, tsiku lomwe ife ogulitsa timalidikirira chaka chonse, tebulo lawo linalibe katundu watsopano. Anali kwathu, akusoka makutu a njovu zanga.

Chimene chikundiliza kwambiri n'chakuti anasoka ndi makatoni anga, mapatani amene ndimadulira nsalu. Patani yawo ya njovu ndi yabwino kuposa yanga, aliyense woziona akudziwa, chitamba chake chimakhotera m'mwamba mokongola. Koma anati oda ndi yanga, eni shopu anaona chithunzi cha njovu yanga, ndiye zonse zifanane ndi 41 zija. Chidole chawo chilichonse amachiika kadontho ka ulusi wofiira pansi pa phazi lakumanzere, ndicho chizindikiro chawo, koma apa sanaike ngakhale pa imodzi. Njovu 80 zinatuluka m'manja mwawo. Zomaliza 29 tinasokera limodzi nditabwerako, iwo pa makina, ine kudzaza ndi kutseka. Ineyo zawo ndimazizindikira ndikangogwira khutu, lagona bwino, m'mphepete mosalala ngati anapitapo ndi simbi. Lero pa foni ndawauza eni shopu zoona zake zonse, ndawauzanso za mvuu zija, ndipo ati ndiwatumizire zithunzi.

Ndithokozenso amayi anzanga a Mvano amene munkabwera madzulo kudzadzaza zitamba ndi timitengo ta nsungwi, ntchito yopweteketsa zala imeneyo. Apongozi anga, munaphikira aliyense wobwera mpaka ufa wanu kutha, ndipo simunanene kanthu. Achimwene a kabaza amene munkakawatenga Amayi pa siteji, masiku ena n'kukana ndalama, njinga yanu iziyenda bwino. Atelala a mumsika amene munandisungira tizidutswa ta zitenje kuti makutu akhale amitundumitundu, ndabwera ndidzakuoneni mmodzimmodzi.

Anthu a luso la manja kuno kwathu, ine ndimakupatsani ulemu. Bambo aja a ziboliboli ndi amene anandionetsa pa njovu yawo yamtengo kuti njovu ya kuno khutu lake ndi lalikulu, lophimba phewa, ndipo msana wake umalowa pakati. Katoni langa ndinalidulanso chifukwa cha iwo. Ndimaima ndikaona amayi akuluka mikeka ndi madengu a mlaza, zala zikuyenda zokha uku akucheza. Ku Kungoni, ku Mua, ndinapitako kamodzi kokha, ndinaona zosema zawo n'kubwerako ndili duu m'minibasi, mutu wodzaza maganizo. Ku Nkhotakota Pottery nakonso, dongo lomweli timalipondali limasanduka kapu yoti mlendo aikulunge ndi malaya ake kuti isasweke pa ndege. Anthu amenewa ndi amene anandipatsa mtima woti ndisamatengere zimbalangondo za m'kaunjika, nyama zomwe mwana wa kuno sadzaziona, koma ndisoke zathu: mbidzi ngati za ku nkhalango ya Kuti, chambo, mvuu, njovu. Paja ku nkhalango ya Nkhotakota anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndipo alendo ena obwera kudzaziona amafuna kanjovu koti akapatse mwana kwawo.

Koma pali enanso. Amene munanditumizira uthenga ndili mu wodi, osafunsa za mwana, kungofunsa ngati makina ndikugulitsa motchipa, ndinawerenga, ndinangosowa mphamvu yoyankhira. Ndi abale ena amene mwakhala mukunena kuti mayi wamkulu sangamasewere ndi zidole, mumakhala pafupi kuposa Chipoka koma phazi lanu silinaponde pakhomo. Zidole zomwezo ndi zimene zinatidyetsa kuchipatala n'kutibweza kunyumba. Sindikusunga chakukhosi, koma zinandipweteka.

Amayi, ndalama mwakana kawiri. Munati ndikagulire mwana mkaka ndi neti yatsopano. Neti ndagula, akugonamo. Koma gawo lanu la njovu 80 ndaliwerengera, lili mu envelopu, ndipo mukakananso ndikalisiya kwa ana anu. Mulungu akuwonjezereni masiku, maso anu asachite chidima, manja amenewo asadzanjenjemere. Loweruka tikubwera ku Chipoka ndi mwana, akufuna akakupatseni moni yekha. Lamba wanu akadali pa makina anga, sizasi yanunso munaiwala pa windo, tibwera nazo. Mutisungire mvuu imodzi ya buluu, ndigula pa mtengo wake, ndi ya mwanayu, akuti azigona nayo.